Tiyi Ankatalika, Ine Ndikufupika

Chizindikiro choyamba ndinachionera pa tiyi. Mitengo ya tiyi amaidulira kuti izilekeza m'chiuno mwa wothyola, ndipo ine, amene ndinakulira pa esiteti ina ku Honde, msinkhu umenewo ndinkaudziwa bwino. Koma m'dzinja la 1990 masamba anayamba kundifika m'chifuwa. Ndinakalipira amuna odulira kuti ndi aulesi, mpaka kukawaneneza kwa kapitawo. Pakamwa panga sipachedwa, komboni yonse imadziwa. Kapitawo anayeza ndi ndodo yake n'kundiuza kuti tiyi sanasinthe.

Msana unali utayamba kale kuwawa, makamaka ndikabereka dengu lodzaza. Sindinadabwe. Wothyola tiyi aliyense amawerama, ndipo tonse timati ndi dengu. Ndinkamanga chitenje m'chiuno zolimba, madzulo n'kumathowa ndi madzi otentha. Ndinatemetsanso mphini, osaphula kanthu.

Kukiliniki ya pa esiteti sindinkafuna kupondako, ndipo chifukwa chake chinali nyumba. Nyumba ya pakomboni ndi ya wogwira ntchito. Ntchito ikatha, umatuluka. Amuna anga anali atamwalira. Bambo anga anachokera ku Mulanje, kudziko limene sindinalionepo, ndipo kuno tilibe munda ngakhale wodzala nthochi imodzi. Ndinali ndi mwana wanga Esinati, ali Fomu 3, ndi adzukulu awiri amasiye. Ndinkaopa kuti akandilemba kuti ndine wodwala, tikagona kuti?

Mu Febuluwale 1992 ndinaterereka potsika kupita kusikelo yoyezera masamba. Sikunali kugwa kwenikweni, ndinangokhala pansi. Koma kudzuka kunakanika. Mwendo wamanzere unatembenukira kunja, ululu wake wosasimbika. Ananditengera kukiliniki pa thirakitala yonyamula masamba, mawa lake ambulansi n'kupita nane kuchipatala chachikulu ku Mutare.

Atandijambula, dokotala anati fupa la ntchafu lathyoka pafupi ndi chiuno, ndipo mafupa ena a msana anaphwanyika kalekale, n'chifukwa chake ndinafupika. Anati matendawa amagwira kwambiri amayi amene anasiya kusamba. Nesi anandimasulira m'Chishona: "Mbuya, mapfupa enyu apera simba," kutanthauza kuti mafupa anga atha mphamvu. Anati mafupa anga ali ngati chimanga chofumbwa, kunja kooneka bwino, m'kati muli ufa.

Anandimangirira chitsulo cholemera kumwendo podikira opaleshoni. Tsiku linkayamba ndi kuyezedwa kutentha kwa thupi, kenako mapiritsi, phala, madokotala kudutsa, basi kudikira. Tsiku langa la opaleshoni analisintha kangapo chifukwa kunkabwera ovulala pangozi. Munthu amene ndinkakwera mapiri ndi dengu, ndinkapempha chiwiya chodzithandizira ndili chigonere. Kumsana kunatuluka zilonda. Ndinkalira, osati chifukwa cha mwendo, koma poganiza kuti ana awatulutsira katundu panja. Ndinafika popempha Mulungu kuti angonditenga, kenako n'kukumbukira kuti ndikafa nyumbayo ipitabe.

Lamlungu lina Esinati anabwera kudzandiona. Atandigwira dzanja, ndinamva zala zake zokhakhala. Ndinaziyang'ana, zinali zakuda ndi zong'aluka m'mbali mwa zikhadabo. Zala zotero sizichokera m'kalasi.

"Wasiya sukulu?" ndinamufunsa.

"Amayi, musanetseke," anatero, pondiuza kuti ndisadandaule. "Ndinakalembetsa kwa foromani. Nyumba yakhala pa dzina langa manje."

Ndinafuna kumukalipira monga mwa chizolowezi changa, koma ndinangogwiritsa zala zakezo.

Opaleshoni inachitika, anandiika chitsulo m'chiuno. Ndinaphunzira kuyenda ngati khanda, poyamba ndi ndodo ziwiri, pambuyo pake imodzi. Ndinatuluka nyengo yozizira itayamba. Anandipatsa mapiritsi olimbitsa mafupa, nandilangiza kumwa mkaka ukapezeka, kudya matemba ndi minga yake yomwe, ndiwo zamasamba, kuyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse ndi kusanyamula zolemera.

Lero, patapita zaka zingapo, ndimayenda ndi ndodo, ndimaphika, ndimafika kutchalitchi. Msana sunawongoke ndipo sudzawongoka. Dokotala anandiuza kuti ndikanabwera msana utangoyamba, mwina chiuno chikanapulumuka.

Amayi anzanga, msana ukamawawa osaleka, kapena mukaona kuti mukufupika, pitani kuchipatala miyendo ikadali yanu. Musamati ndi dengu. Ine ndinabisa matenda kuti ana anga asasowe pogona. Pogona tili napo, koma m'mawa uliwonse ndimaima pakhomo n'kumaona Esinati, amene ankafuna kudzakhala mphunzitsi, akubereka dengu langa lija.