Sitima ya ku Nayuchi

Ndikukumbukira kachipinda kena kuseri kwa msika wa Liwonde, kotentha ngati uvuni wa mabanzi. Mwini wake, a Matola, anabwera kuchokera ku Joni ndi makompyuta akale asanu ndi atatu. Anawalumikiza ndi mawaya, anayi mbali iyi, anayi mbali inayo, pakati n'kupachika mphasa kuti wina asasuzumire sikilini ya mnzake. M'menemo munkanunkha fumbi, thukuta ndi mafuta a tchipisi cha pachiwaya chapanja. Magetsi akazima ankaliza jenereta, mabenchi n'kumanjenjemera. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo Loweruka lililonse masana, tikaweruka ku madrasa, mtima wanga unkafika kumeneko miyendo isanafike.

Masewera ake anali a nkhondo, anayi kwa anayi. Pa sikilini sunkadziona nkhope, unkangoona manja ako atagwira mfuti, ukuyenda m'katauni ka makoma achikasu. Gulu lina linkayenera kukatchera bomba, lina n'kumaletsa. Ukaphedwa unkakhala manja lende mpaka ndime imeneyo ithe, ndipo lamulo la a Matola linali lakuti wakufa salankhula. Njira zopita kokatchera bomba zinali zitatu, ndipo ife tinazipatsa maina akwathu. Yapakati, yaitali ndi yopanda pobisala, tinkati Pamlatho. Yakumanzere inali yamdima, mukumveka kulira kwa makina, ndiye inali Kuchigayo. Yakumanja, yodzaza mabokosi, inali Kumsika.

Gulu lathu linali la pakhomo. Mtsogoleri anali achimwene anga a Yusufu, a zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, amene ankathandiza bambo kusoka pakhonde la sitolo. Wachiwiri anali msuweni wathu Twaibu, mwana wa amalume a ku Nsanama, munthu wapakamwa posatseka. Wachitatu anali Fanuelo wa nyumba yoyandikana nafe, mwana wa Alomwe, wosalankhulalankhula, katswiri wokumba mbewa. Womaliza ndinali ine.

Ndawatchula motsatana choncho chifukwa ndi mmene tinkayendera. Popita ku mzikiti, kumunda kapena kumaliro, wamkulu amakhala patsogolo, enanu mumatsatira monga munabadwira. Palibe anatiuza kuti m'kompyuta mwambo umenewu tiziusiya pakhomo pamodzi ndi nsapato. Ndime ikangoyamba achimwene ankakuwa kuti "Kwende!", ndiko kuti tiyeni m'Chiyao, n'kuliyatsa liwiro kulowa Pamlatho. Twaibu pambuyo pawo, Fanuelo pambuyo pa Twaibu, ine kumchira. Panalinso mfuti ina yaitali, yokhala ndi galasi loonera patali, imene gulu linkakhala nayo imodzi yokha. Imeneyo tinkaitcha nthutumba, chifukwa nthutumba ya nkhuku imapita m'mbale ya wamkulu. Achimwene ankaitenga ndime iliyonse, chikhalirecho mfuti imeneyo imafuna munthu wodekha wokhala pamalo amodzi, osati wothamanga. Kunena zoona, achimwene sakanatha kuwombera ngakhale njovu itaima pakhomo.

Anyamata a m'Liwonde momwemo tinkawagonjetsa ndithu, poti nawonso ankasewera ngati nkhuku zomwazikana. Vuto linali anyamata anayi a sekondale ochokera ku Balaka, amene ankabwera pa minibasi atapisira malaya. Mtsogoleri wawo, Mphatso, wamtali wovala magalasi, anatiwerenga tsiku loyamba lomwelo. Ankangoimika anzake onse moyang'ana Pamlatho n'kumadikira. Achimwene akatulukira, pansi. Twaibu, pansi. Fanuelo, pansi. Ine ndinkafika pomaliza kudzaona mitembo ya abale anga ndisanagwe nanenso. Ndiye kuseri kwa mphasa kunkamveka mawu a Mphatso, aulemu ngati wolengeza pa siteshoni, akuti sitima ya ku Nayuchi yafika pa nthawi yake, okwera onse atsike. Dzina limenelo linatikakamira mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa panja ankatifunsa ngati sitima yayenda bwino.

Ine ndinkaona cholakwika, poti wakumchira ndiye amaona zonse. Koma ndikanayambira pati? Achimwene ndi amene anandiphunzitsa kupalasa njinga, ndi amene anandibereka kumsana mpaka kuchipatala nditaponda botolo. Ndinkawakonda ndipo ndinkawaopa, ndipo kwathu mwana sauza wamkulu kuti mwalakwa.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, bambo anatiuza kuti achimwene anyamuka kupita ku Joni pakatha milungu iwiri. Kunali mnzawo wa bambo amene anawapezera malo osoka. Sizinali zachilendo, anyamata ambiri akwathu ankapita, koma ine chakudya chinandikanika tsiku limenelo. Achimwene sanaonetse nkhawa. Anangonena kuti chinthu chimodzi chokha sakufuna kuchisiya m'mbuyo: sangakwere basi anyamata a ku Balaka akuwatchulabe woyendetsa sitima. Anatsala ndi Maloweruka awiri.

Loweruka loyambalo tinalowa Pamlatho kasanu, n'kufa kasanu. Kachisanu ndi chimodzi, nditaona msana wa msilikali wa achimwene ukulowera komweko, pakamwa panandipulumuka. Ndinakuwa, chipinda chonse chikumva, kuti kodi simukuona kuti mukutiphetsa. Kuseri kwa mphasa kunaphulika chiseko. Achimwene anavula mahedifoni pang'onopang'ono, anawaika patebulo, n'kutuluka. Sanandimenye, ndipo bola akanandimenya. Masiku atatu ankandidutsa ngati mtondo wa pabwalo. Ndinkawerenga masiku otsala n'kumaona kuti achimwene apita ku Joni atagonja komanso atandikwiyira.

Lachitatu ndinapeza Fanuelo pansi pa mtengo wa mango akusema mpini. Ndinamudandaulira, iye anatola kamtengo n'kujambula una wa mbewa padothi. Anati pokumba mbewa saunjikana onse pakhomo la una. Mmodzi amakumba pamenepo mwaphokoso kuti mbewa ziziganiza za iyeyo, pamene ena akhala chete pa kadzenje kakuseri. Ife Asilamu mbewa sitidya, ndipo ndinali ndisanaganizepo kuti zingandiphunzitse kanthu. Ndinathamangira kunyumba, ndinatenga katoni yakale ndi choko cha bambo cholembera nsalu, n'kujambula katauni konse, njira zitatu zija ndi timivi toonetsa yemwe adzere kuti. Nditamaliza ndinaibisa pansi pa mphasa yogonera. Fanuelo atamva kuti ndabisa anangoti mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Mwayi wake, kwathu kuli munthu mmodzi amene amaloledwa kunena chilichonse, ndiye msuweni. Msuweni angakuuze kuti mutu wako ukunga dzungu, iwe n'kungoseka. Ndinamupatsa Twaibu katoni ija. Madzulo a Lachinayi, achimwene akusoka yunifolomu pakhonde, Twaibu anafika akuliza mluzu ngati sitima, n'kuwauza kuti a dalaivala, okwera atopa ndi ngozi, ndipo abweretsa njanji yatsopano. Ine ndinali kuseri kwa chitseko. Makina osokera anasiya kulira. Panapita nthawi yaitali achimwene akuyang'ana katoniyo, kenako anati chokochi ndi cha bambo, ndipo zilembo zopendamazi akuzidziwa. Wajambula abwere afotokoze yekha.

Ndinatuluka n'kunjuta pambali pa makina. Ndinapepesa kaye za Loweruka lija, kenako ndinafotokoza ndikuloza pakatonipo. Twaibu anyamule bomba, adzere Kuchigayo, akuyenda osathamanga kuti mapazi asamveke m'mahedifoni a adani. Fanuelo amutsatire, ndipo bomba likatcheredwa abisale pakhomo lomwe adani angabwererepo. Wa nthutumba akwere padenga la Kumsika, pamene amaona njira ziwiri zinazo. Sindinatchule kuti wa nthutumbayo akhale ndani.

"Nanga ine ntchito yanga?" anafunsa achimwene.

"Inuyo mudzere Pamlatho monga mwa masiku onse. Muponye bomba la utsi, muziwombera paliponse, mukuwe kuti kwende ngati tonse tili pambuyo panu."

"Ndekha? Ndiye kuti ndikafe?"

Ndinayang'ana pansi, ndinaona tizidutswa ta nsalu ndi ulusi. "Eya, achimwene. Koma mufe mwaphokoso, ndiponso muchedwe kufa."

Twaibu anagwa pabenchi ndi chiseko. Achimwene anayesa kulimbitsa nkhope koma masaya anawakanika. Anati kufa akhala akufa Loweruka lililonse kwaulere, bola ulendo uno afere kanthu. Anapinda katoniyo n'kuilowetsa m'thumba la malaya, makina n'kuyambanso kulira.

Loweruka lomaliza m'kachipinda muja munadzaza, poti mbiri inali itamveka kuti a Yusufu akutsanzika. Tinagwirizana kuti opambana ndi amene ayambe kufika ndime zisanu ndi ziwiri, ife otchera bomba, iwo oletsa. Ndime yoyamba isanayambe ndinaona pa sikilini yanga msilikali wa achimwene akubwera, n'kuponya nthutumba pamapazi anga. Sanatembenuke kundiyang'ana. Ndinaitola.

"Kwende!" Achimwene anakuwa mpaka a Matola anadzidzimuka. Pamlatho panadzaza utsi, zipolopolo zikungolira ngati chimanga chokazinga. Anyamata a ku Balaka onse anayi anathira moto mu utsimo, Mphatso atayamba kale kulengeza za sitima. Achimwene anabisala kuseri kwa mgolo, n'kutulukira, n'kubwereranso, ndipo anachedwadi kufa. Mmene ankagwa, Twaibu anali atatchera bomba. Adani anatembenuka akuthamanga mosokonezeka, awiri n'kugwera m'manja mwa Fanuelo pakhomo paja, awiri enawo ndinawaona bwinobwino m'galasi ndili padenga, n'kuwagwetsa. Kuseri kwa mphasa kunalibe wolengeza.

Tinatenga ndime zinayi motsatana. Koma Mphatso sanavale magalasi pachabe. Anazindikira kuti Pamlatho pali munthu mmodzi, ndiye anatumiza anzake kukatidikirira Kuchigayo. Tinasintha n'kudzera Kumsika, tinapambanako ziwiri, iwonso anatolera zawo, mpaka tinafanana zisanu ndi chimodzi mbali iliyonse. Inatsala ndime imodzi. Pamenepo achimwene anachita chinthu chimene sindinachiyembekezere. Anakankha hedifoni imodzi, anaweramira kwa ine anthu onse akuona, n'kufunsa monong'ona kuti mphwanga, tipange bwanji.

Ndinali nditaona kuti ndime zitatu zapitazo Pamlatho pankatsala mfuti imodzi yokha, ya Mphatso, ena onse ali m'mbali. Ndinawanong'oneza kuti ulendo uno sitima idutse yonse, mwakachetechete, popanda utsi. Chovuta chinali chakuti sitinkadziwa pomwe Mphatso wabisala, ndipo woyamba kutulukira ndiye akanatidziwitsa ndi mtembo wake. Ndinati nditsogole ine. Achimwene anapukusa mutu. Anati kutsogolo ndi kwawo, koma ine ndikhale pambuyo pawo penipeni, pamalo a Twaibu, diso lili pagalasi, ndione kumene chipolopolo chichokere.

Tinayenda pang'onopang'ono, anayi pamzere. M'chipindamo munkangomveka jenereta. Titafika pakati pa mlatho kunang'anima kamoto pa zenera lakumtunda, achimwene n'kugwa patsogolo panga. Ndinalozetsa galasi pazenerapo, ndinaona kaphewa, ndinadina. Twaibu anadumpha mtembo wa msuweni wake n'kukatchera bomba, Fanuelo ndi ine n'kutseka makomo awiri. Atatu otsalawo anabwera akuthamanga kuchokera kutali, mmodzimmodzi, monga tinkachitira ife kale. Nthawi yonseyi achimwene anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri posunga lamulo la wakufa, miyendo ikuvina pansi pa tebulo. Bomba litaphulika anaimirira, anakweza mphasa ija, n'kuuza Mphatso mwaulemu wonse kuti sitima yafika, ndipo okwera atsika bwino. Mphatso anaseka n'kuwagwira chanza. Ine anandinyamula paphewa mpaka mutu unagunda malata.

Lolemba m'mawa tinawaperekeza pa depoti. Amayi ankalira, bambo ankangokonzakonza kolala ya malaya a achimwene. Minibasi inawoloka mlatho weniweni wa pa Shire kulowera ku Balaka, ine n'kuima mpaka inasowa.

Masiku ano kachipinda kaja ndi saluni, ndipo a Matola anabwerera kumudzi. Ana amasewera nkhondo zawo pa foni, atakhala pakhonde, ndi anthu a kumaiko amene sadzawaonapo. Mwana wa achimwene, amene akukulira kwathu kuno, amandilowetsa m'gulu lake nthawi zina, ndipo amandikalipira poyera kuti bambo aang'ono mukutiphetsa, popanda wodabwa kapena wotuluka m'chipinda. Mwina ndi bwino choncho, amapambana msanga. Koma sadzadziwa kulemera kwa mfuti imene mkulu wako waiponya pamapazi ako.

Achimwene adakali ku Joni, akusokabe, ndipo imvi zayamba. Amabwera kamodzi pa zaka zingapo. Thukuta lawo ndi limene linandisunga pa sukulu ine ndi alongo athu awiri, pamene iwo analekezera sitandade seveni. Tsiku limene ndinamaliza maphunziro a uphunzitsi ndinawaimbira foni. Kumbuyo kwawo kunkamveka makina ambirimbiri akulira. Anafunsa ngati ndadutsa bwino Kuchigayo, ndinati eya, ndadutsa.

"Chabwino, mphwanga," anatero. "Ine ndidakali Pamlatho. Ndikuchitabe phokoso."