Buku la Adona Linagawidwa Pasanu

Buku lija ndinabwereka ndine, ndiye mlandu wonse unali pamutu panga. Nthawi imeneyo, matipate atangoyamba kumene, ndinkaphunzitsa sitandade 6 pasukulu ya paesiteti ya tiyi ku Thyolo. Amuna anga anali kalaliki woyeza masamba, ndipo nyumba imene tinkakhala inali ya kampani. Wa paesiteti aliyense amadziwa kuti ukalakwira kunyumba kwa bwana, ntchito ndi denga zimapita tsiku limodzi.

Adona, akazi a bwana manijala, ankabwera kusukulu Lachitatu lililonse kudzathandiza ana kuwerenga Chingerezi. Tsiku lina anandipeza ndikuwerenga chinyuzi chakale chokulungira usipa. Anaseka, ndipo sabata yotsatira anandibweretsera buku lonenepa, lachikuto cholimba. Inali mbiri ya moyo wa mayi wina wa kwawo amene analemba mabuku asanu ndi anayi a nkhani zopeka.

"Onsewo ndili nawo pashelefu," anatero. "Mukamaliza ili mubwere nalo kunyumba, ndidzakuuzeni loyambira. Koma mulisamale, anandipatsa ndi mayi anga."

Ife a Sabata makolo anatilera kuti nkhani zopeka ndi mabodza owononga mutu. Koma mbiri ya munthu si bodza, ndiye ndinaliwerenga poyera, pakhonde, popanda wondidzudzula. Mayi ameneyo, abale inu! Ankagwira ntchito kupositi ofesi, n'kumalemba kuseri kwa mafomu otha ntchito. Mwamuna wake anali chidakwa, ndipo buku loyamba analiponya pamoto lisanasindikizidwe. Mayiyo analilembanso lonse kuchokera m'mutu. Pamenepo ndinalira, sindibisa.

Chimene chinandipweteketsa ndi pakamwa pangapa, sipasunga kanthu. Ndinakafotokozera anesi a pachipatala cha paesiteti, mnzanga amene tinaphunzira limodzi kumishoni. Iwo anangolanda bukulo. "Masiku atatu okha, achemwali."

Patapita sabata, mayi wotayipa makalata kufakitale anandiimitsa panjira. "Aphunzitsi, kodi mwana wa mayi wa m'buku uja anachira? Ine gawo langa lathera ali m'chipatala."

"Gawo lanji?"

Anatulutsa m'chikwama timasamba tomanga ndi ulusi. Pamwamba panalibe chikuto, panangoyambira pakati pa chiganizo.

Ndinathamangira kuchipatala ndili wefuwefu, koma anesi sanaone cholakwa. "Nanga si ndi mmene tinkachitira kumishoni? Mwaiwala?" Sindinaiwale ayi. Buku likakhala limodzi, ife tili makumi anayi, mayeso ali pafupi, tinkatenga lezala n'kulidula kumsana. Aliyense gawo lake, mawa kusinthana. Ndi mmene tinakhozera tonse. Anesi analidula pasanu, ndipo anthu khumi ndi mmodzi anali akulandirana: aphunzitsi, otayipa, akazi a makaniko, mpaka amayi ena a gulu la Dorika la kutchalitchi amene ankatiletsa zopeka.

Nditawakalipira, anesi anangondigwira dzanja. "Tabwerani mumve kaye." Pakhonde la chipatala amayi anali atakhala pabenchi la odwala, mkangano uli mkati. Wina ankati tiyambe ndi buku loyamba, lija linapsa. Otayipa ankati ayi, lachitatu, chifukwa akuti ndilo linamuchotsa kupositi ofesi. Anesi ankati lomaliza, poti munthu akakalamba ndi pamene amanena zoona. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene analionapo ngakhale limodzi mwa mabukuwo. Onse ankadalira ine kuti ndikawatengera kwa adona. Ndinkawayang'ana akuseka.

Lachitatu adona anandifunsa kuti ndafika pati. Ndinati ndatsala pang'ono. "Ndiye mubwere nalo Lamlungu masana," anatero.

Lachinayi ndinawauza amuna anga. Sanakalipe, bola akanakalipa. Anasamba m'manja chakudya chisanathe, n'kunena kuti, "Mayi, ana tikawaika kuti?" Walira mvula walira matope, ndinadziuza ndekha. Ndinkafuna mabuku, ndawapeza.

Pofika Lachisanu ndinali nditasonkhanitsa magawo anayi ndi chikuto. Gawo lachisanu, lomaliza, anapita nalo akazi a makaniko kumaliro kwa Mphuka. Dzuwa linalowa, Sabata linayamba, ndipo paulendo wofuna buku sindikanayenda. Loweruka lonse ndinakhala m'tchalitchi ndikuimba ndi pakamwa pokha. Za ulaliki wa tsikulo musandifunse. Ndinkangoona katundu wathu ali pathirakitala, ana atakhala pamwamba pa matiresi.

Lamlungu ndinalawirira panjinga ya amuna anga, m'tinjira ta m'minda ya tiyi, chiperoni chikunyowetsa. Ndinawapeza amayiwo akutsuka mapoto a pamaliro. Gawolo analikulunga m'chitenje, koma linali litanyowa ngodya ndipo linkanunkha utsi. Akuti maliro ataikidwa anawerengera abale awo, akumasulira m'Chilomwe, ndipo azakhali awo anafunsa ngati mwamuna woipa uja anaikidwa bwino kapena anangomutaya. Ndinalephera n'kuseka komwe.

Pobwerera ndinadzera kumsika kwa bambo wosoka nsapato. Anagwira ntchito yawo mwa mtima wonse, bambo aja. Anaboola ndi chisongole chawo, kusoka ndi ulusi wa nsapato, kumata ndi guluu. Bukulo linatuluka lotupa, lopendekera, losatsekeka, ngati chitseko cha m'dzinja.

Kunyumba kwa bwana ndinalowera kumbuyo monga tonse tinkachitira. Akhuku, ophika a panyumbapo, anandiperekeza mpaka pabalaza. Shelefu ndinaiona ndisanawaone adona: mabuku asanu ndi anayi, atandandalika, zikuto zobiriwira. Ndinapereka bukulo ndi manja awiri. Bodza ndinali nditakonza panjira, la mvula ndi ana, koma linakana kutuluka.

"Tinaliwerenga anthu khumi ndi awiri," ndinatero. "Kuti likwane tinalidula. Ndalakwa ndine."

Adona anatsegula tsamba loyamba. Panali mawu amene mayi awo aja analemba pamanja, ndipo ulusi wa nsapato unadutsa pakati pake. Anakhala nthawi yaitali chala chili pamenepo. Nkhope inafiira mpaka m'khosi.

"Amuna anga mlanduwu suwakhudza, adona. Chonde."

"Za ntchito si zanga, aphunzitsi," anatero motsitsa mawu. "Zikomo pobweretsa. Pitani bwino."

Ndinaimabe pang'ono, kudikira kuti mwina ayang'ana kushelefu. Sanayang'ane.

Miyezi itatu yotsatira, mesenjala akangotulukira ndi envelopu, ndinkati ndi kalata yotichotsa paesiteti. Kalata sinabwere. Amuna anga anagwira ntchito mpaka kupuma, ndipo adona ankabwerabe Lachitatu, kundipatsa moni bwinobwino, osatchula za buku. Ine ndinalibe nkhope yopemphera lina.

Koma chimene chimandiwawabe ndi cha Lolemba lija, mawa lake nditabweza bukulo. Ndikuweruka, ndinapeza amayi aja akundidikira pakhonde la chipatala, onse khumi ndi mmodzi, anesi atanola kale pensulo yolembera ndondomeko ya olandirana.

"Ndiye ati tiyambe liti?" anafunsa otayipa.

Ndinawaonetsa manja opanda kanthu. Mayi wolemba mabuku uja ndimadziwa kumene anabadwira, matenda amene anafa nawo, ngakhale dzina la galu wake. Zimene analemba iye mwini, mpaka lero sindinawerengepo mzere ndi umodzi womwe, ndipo anzangawo ena anamwalira asanawerenge.