Mwana Wanga Anabadwa mu Novembala

Sindinawakhululukire abwana aja, ndipo sindikudziwa ngati ndinadzikhululukira ndekha.

Ndinabwerera ku ntchito mwana wanga ali ndi miyezi inayi. Ndinali kalaliki pa kabungwe kena ku Lirangwe, kolemba amayi a sikelo. Ine ndi satifiketi yanga ya kompyuta ndinkalowetsa masiku m'tebulo n'kudina batani, kenako kapulogalamu kamene timati makuro kankatulutsa timapepala touza mayi aliyense tsiku lobwera ndi mwana ku katemera. Wangayo ndinkanyamuka naye m'mawa ku Chileka, n'kumugoneka pa chitenje pafupi ndi desiki. Ndili ku tchuthi cha uchembere, ofesi inali italandira laputopu yochokera kunja.

Timapepala tinayamba kunama. Mayi wofunika kubwera pa 3 Epulo, kapepala kake kankati 4 Malichi, tsiku lodutsa kale. Wina wa pa 12 Epulo anauzidwa adikire Disembala.

"Mayi, nzeru zanu zili kubere," anatero abwana, anthu onse akumva. "Zikapitirira mwezi uno, tipeza wina wopanda khanda."

Ndinawakhulupirira, ndiulule. Tulo sindinkagona mokwanira, ndiye ndinati mwina ndinedi. Lolemba lake ndinasiya mwana kwa apongozi ku Chileka ndi chitini cha mkaka, ine yemwe ndinkamva anamwino tsiku ndi tsiku akuti bere lokha mpaka miyezi isanu ndi umodzi. M'minibasi pobwerera bulauzi inkanyowa, ndinkadziphimba ndi chikwama.

Koma zolakwikazo sizinasiye. Sabata yachitatu ndinayala timapepala tonse pa desiki, ndinaona kuti masiku opitirira 12 ali bwinobwino, osokonekera ndi aang'onoang'ono okha. Ndinalemba tsiku limene sindingaliphonye ngakhale nditadwala malungo, 5/11, lobadwa mwana wanga. Makuro ija inatulutsa 11 Meyi. Mwana amene ndinabereka mvula yoyamba ikugwa, ati Meyi!

Ndinafufuza m'kati mwa laputopu mpaka posankhira dziko. Inali idakali pa Amereka, kumene amayamba ndi mwezi, tsiku pambuyo. Ine ndikalemba tsiku, makuro inkawerenga mwezi, ndipo inkangosiya pokhapo pamene nambala yaposa miyezi ya pachaka. Palibe anasintha poilandira. Ndinasintha ine, sizinatenge ndi mphindi ziwiri zomwe.

Ndinawaitana abwana.

"Bwana, taonani. Vuto silinali bere langa."

"Oo, zinali zimenezi basi? Ndiye sindikizaninso timapepalato, amayiwo muwaimbire."

Basi. Pepani sanatuluke m'kamwa mwawo.

Ntchito ndinaisunga. Tsiku limenelo ndinatsika minibasi n'kukwera kabaza kuti ndifike msanga, ndinamulanda mwana kumsana kwa apongozi n'kukhala naye pakhonde. Ndinamupatsa bere. Analiyang'ana, anapotoza khosi n'kuyamba kulirira botolo.

"Musamukakamize," anatero apongozi. "Anazolowera."