Jinja wa kuseri kwa nyumba

Izi sindinauzepo munthu, ngakhale wansembe.

Ndinaphunzira kuwerenga imvi zitamera kale, ndipo ndinkadzitama nazo. Akazi anga atapezeka ndi khansa ya m'chiberekero, ndinaona mutu wa nkhani pa nyuzipepala yokulungira kapenta ku msika wa ku Chipata, wakuti jinja amapha khansa. Timalemba tam'munsi tinandivuta, ndinatisiya. Kalata yowatumiza kuchipatala cha ku Lusaka ndinaibisa m'buku la nyimbo. Ndinagula jinja, wina n'kubzala kuseri kwa nyumba yathu ku Madzimoyo. Dzinja lonse ankamwa wowiritsa.

"Ophunzira ndinu, abambo," ankatero akukwinya nkhope.

Titabwerera kuchipatala matenda atakula, namwino atamva za jinja uja anandikokera pakhonde. "Agogo, zimenezo akuziyesa kumene m'timbale tagalasi. M'thupi chiwindi chimaphwanya mphamvu ya jinjayo, yambiri n'kutuluka ndi mkodzo isanafike pa chotupa. Kalata ija ili kuti?"

Ndinati inasowa. Mpaka lero ili m'buku muja.

Akazi anga anamwalira chimanga chisanakhwime. Pamaliro achibale awo anandithokoza kuti ndinawasamalira bwino, ine n'kumangogwedeza mutu. M'mawa mwake ndinatenga khasu, ndinakumba jinja yense n'kukamutaya m'chimbudzi.