Mapiri Opanda Owonerera

Magalasiwo anali ndi lamba wakuda wotambasuka ndi diso limodzi lalikulu la mtundu wa lalanje, lokandika pakona. Anandipatsa ndi aphunzitsi athu a giredi eyiti sukulu itatsala pang'ono kutsekedwanso, atayamba awapukuta ndi mankhwala ophera tizilombo. Pautsikana wawo ankawavala popikisana pa masewera otsetsereka phiri la chipale chofewa utaponda timatabwa tiwiri tatitali, amene kuno timangoti sikii. Ndikawavala magalasiwo zonse zinkasanduka uchi: makoma a nyumba yathu yam'mwamba ku Etobicoke kuno ku Canada, madenga a nyumba zosungira katundu, ngakhale thambo la kubwalo la ndege, lomwe chaka chimenecho linangoti zii. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu.

Masewerawa ndinawadziwira kwa amalume, alongo awo a amayi. Iwo ankanyamula katundu kubwalo la ndege, ndipo kuzizira kukamayamba, m'manja mwawo munkadutsa zikwama zazitali za akatswiri opita kukapikisana kumapiri a kumadzulo kwa dziko lino. Munthu wobadwira ku Nkhotakota, wosapondapo thabwa lotere chibadwire, koma ankadziwa phiri lililonse la mpikisano ndi pamene limagwetsera anthu. Anali atandilonjeza kuti chaka chimenecho tidzapita kukaonera ndi maso. Mliri wa korona unafika msanga kuposa ife. Mipikisano ya ku Canada inathetsedwa, akatswiri onse anatsalira ku Ulaya, ndege zinaima, ndipo amalume anauzidwa kuti adikire kunyumba.

Amayi ankasamalira okalamba panyumba ina ku Markham. Matenda atalowa kumeneko, amayi anasiya kubwera kunyumba poopa kutipatsira, n'kumagona m'kachipinda pafupi ndi ntchito. Madzulo aliwonse ankaimba foni ya vidiyo, masaya ali ndi mizere ya masiki, kufunsa ngati ndadzola mafuta, ngati ndaswali, ngati ndikuwavutitsa amalume. Ndinkayankha m'Chingerezi, mawu awiri atatu, maso ali kwina. Zimenezi zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Loweruka ndi Lamlungu amalume akamaliza swala ya m'mawa ankapinda mkeka, kutereka tiyi wa jinja, n'kugogoda pachitseko changa. Ankanditchula mama chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo.

"Mama, dzukani, phiri latsegulidwa."

Kwathu kunali kusanayere bwino, koma ku Ulaya dzuwa linali litakwera. Ndinkakhala pampando patsogolo pa kanema nditadzikulunga bulangeti, tulo tisanathe, ndipo mapiriwo ankalowa m'chipindamo ngati kupitiriza kwa maloto. Mitengo ya paini inali yowerama ndi chipale. Pansi pa phiri, pamene zaka zina pankadzaza anthu oimba mabelu ndi kukupiza mbendera, panali mabenchi okhaokha. Chifukwa cha bata limenelo tinkamva zomwe sizimamveka: thabwa likukwecha madzi oundana ngati mpeni pamwala wonolera, kupuma kwa munthu, mphepo. Wina akafika pansi ankakweza dzanja mwachizolowezi kuti apereke moni, n'kupeza kuti palibe womulandira kupatula munthu mmodzi womupatsa masiki.

Ine ndinali ndi katswiri wanga, mtsikana wovala zofiira, wa tsitsi loluka chingwe chimodzi lomwe linkauluka kumbuyo kwa chipewa chake. Sankapambana kawirikawiri, koma ankatsika ngati sakudziwa kuti phiri limapweteka. Mu Januwale dzina lake silinatuluke pamndandanda. Wolengeza anati amupeza ndi kachilombo ndipo amutsekera yekha m'chipinda cha hotela. Ndinalira. Ndinamulembera kalata nthawi ya phunziro la pakompyuta, ndipo aphunzitsi anati ayesetsa kuitumiza. Ndikatseka maso ndinkamuona ataima pawindo akuyang'ana phiri lomwe sangaliponde.

Sabata yomweyo amayi anasiya kuimba. Amalume anati kamera ya foni ya amayi yawonongeka, ntchito yachulukanso, koma akundipatsa moni. Ndinakhulupirira chifukwa kukhulupirira kunali kosavuta. Ndinaona ndithu kuti mpunga wapserera kawiri. Ndinaona kuti foni ikalira amalume akutulukira pakhonde opanda jekete, chipale chikuwagwera paphewa, n'kumalankhula Chingerezi chapang'onopang'ono chomwe ankasungira akuluakulu. Ndinaonanso kuti aphunzitsi ayamba kunditsaliritsa ena akatuluka pakompyuta, kungondifunsa ngati ndadya. Zonsezi ndinkaziona monga momwe munthu amaonera nyumba ali m'basi.

Masana amalume ankanditengera kupaki, kukaphiri kakang'ono komwe makina ake okwezera anthu anali atazimitsidwa. Timatabwa ndinalibe. Ndinkakhala pathireyi yakukhitchini n'kutsetsereka, mphepo ikuluma makutu, ndikudzilengezera ndekha mumtima kuti ndatsogola. Iwo ankaima pansi atagwira foni m'manja osavala magolovesi, n'kumati akundiwerengera nthawi. Ndikafika n'kufunsa kuti ndatenga masekondi angati, ankachita ngati adzidzimuka kutulo, n'kutchula nambala iliyonse. Tsiku lina ndinawakalipira kuti sakuwerenga bwino. Anapepesa, n'kunena kuti ndikwerenso.

Mtsikana wanga anabwerera mumpikisano Lamlungu lina mu Febuluwale. Kunali nkhungu pamwamba pa phiri, moti anthu ankatulukamo ngati akubadwa. Atangoima pakhomo loyambira, foni ya amalume inalira. Ulendo uno sanafike pakhonde. Anaima pawindo atandifulatira, ndipo ndinangomva akuvomera, kuvomeranso, kenaka kuthokoza. Sindinatembenuke. Ndinali nditaimirira pampando, ndikutsika naye, ndikupendekera kumene iye akupendekera. Pakati pa phiri anali patsogolo pa onse. Chakumunsi thabwa limodzi linaterereka pang'ono, ndipo anafika pansi ali wachinayi, atasemphana ndi mendulo ndi kuphethira kwa diso.

Nditacheuka ndinapeza amalume atakhala pansi penipeni, atatsamira khoma, kofia ili m'manja. Mapewa awo ankagwedezeka. Ankabwereza mawu amodzi okha, Alhamdulillah, mawu amene anandiphunzitsa kuti timanena zikakoma ndi zikawawa zomwe.

Lero ndikuphunzira unamwino ku Oshawa, ndipo ndaimapo pambali pa makina opumira. Ndikudziwa phokoso lake, ndikudziwanso kuti si onse amachokapo. Amayi anakhala pa makina otero masabata awiri. Asanawagoneke anawalumbiritsa amalume kuti mwana asadziwe, ndipo amalume anasenza lumbirolo okha, m'nyumba ya zipinda ziwiri, pamaso pa mtsikana wolirira mlendo wa pakanema. Foni ya m'mawa umenewo inali ya adokotala, kunena kuti paipi yopumira yachotsedwa ndipo amayi akupuma okha. Anabwera kunyumba mu Malichi, chipale chikusungunuka m'mbali mwa msewu, ataonda, mawu ali osasa. Nkhani yonse anandiuza patapita chaka. Nthawi zina ndimati akanandiuza pomwepo, nthawi zina ndimati anachita bwino. Sindinagamulebe.

Koma m'mawa umenewo ndinatsika pampando n'kukhala pambali pa amalume. Ndinali ndisanaonepo munthu wamkulu akulira chotero, ndipo ndinamva chisoni kuti amamukonda mtsikana wa zofiira kuposa momwe ndinkaganizira. Ndinafunafuna Chichewa changa chochepacho, popeza Chingerezi chinkaoneka chosakwanira, n'kuwasisita pamkono.

"Musalire, amalume. Wachinayi si zoipa. Ndiye kuti wachira."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Eya, mama," anatero. "Wachira."