Mphunzitsi Wopanda Pepala wa ku Chimphangwe

Dolika Shawa anayamba kuphunzitsa chifukwa panalibe wina. Analemba giredi 12 ku Chipata n'kulephera masamu, ndipo atabwerera kwawo ku Chimphangwe anangogwira khasu ngati anzake, kulima chimanga, thonje ndi mtedza. Sukulu ya boma inali kumsewu waukulu, ulendo wa maola awiri, kuwoloka madambo awiri amene m'dzinja madzi ake amalekeza m'chiuno. Ana aang'ono sankapitako. Ankadikira kuti miyendo italike, koma pofika nthawiyo anyamata amakhala atazolowera kubusa, atsikana atafunsiridwa kale.

Tsiku lina Lamulungu mapemphero atatha, akatekisiti anafunsa ngati m'mudzimo muli munthu wodziwa bwino cholembera. Mpingo wonse unatembenukira kwa Dolika. M'mawa mwake anali m'tchalitchi cha udzu ndi ana makumi atatu, chitseko chakale atachitsamiritsa kukhoma, akulembapo ndi khala. Chinali chaka cha 2007, iye ali ndi zaka 22.

Malipiro ake anali chitini cha chimanga pa mwana aliyense nthawi yokolola. Mvula ikagwa bwino nkhokwe inkadzaza, ikavuta ankangolandira mawu akuti "pepani, aphunzitsi." Makolo anaumba njerwa n'kumanga zipinda ziwiri. Dolika anakwatiwa ndi Edmund, mlimi wa thonje wosachulutsa zonena, ndipo ana ake atatu onse anakulira kumsana iye akulemba pabolodi. Omuthandiza ankabwera n'kuchoka. Wina anapeza ntchito m'sitolo m'tauni, wina anapita kukasintha ndalama kumalire ku Mwami. Dolika yekha ndiye anatsala.

Mu 2022 wailesi inalengeza kuti sukulu ndi yaulere. Ana anachita kukhamukira, ena akuluakulu oti mawu anayamba kale kusintha, mpaka m'kaundula munafika mayina 214. Koma chaka chomwecho chimanga cha aphunzitsi sichinabwere.

"Boma lanena kuti n'zaulere," anatero bambo wina atamupeza pachitsime. "Tsopano akulipirani ndi iwowo."

Boma silinamulipire. Thandizo limene linafika pasukulupo linali laling'ono lomwe boma linkatumiza zaka zonse, longokwana choko ndi makope ochepa. Koma sukulu ya kumsewu anaipaka penti, kunabwera madesiki atsopano lole yathunthu. Dolika atawaona madesikiwo popita kuchigayo mtima unamuwawa. Anakulunga kaundula m'chitenje, n'kukwera minibasi ya ku Chipata.

Ku ofesi ya zamaphunziro anakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Amene anamumvera anali kalaliki wa imvi, a Enoch Tonga, mwana wa mphunzitsi wa ku mishoni ya Tamanda.

"Amayi, ndalama za sukulu sitigawa ndi mtima," anatero a Tonga mofatsa. "Zimatsata mitu ya ana. Mwana aliyense ali ndi gawo lake. Inu muno mukompyuta muli ndi ana 61."

"Ana 61 anali a chaka chimene ndinabereka mwana wachiwiri, bambo. Onani umu."

A Tonga anatsegula kaundulayo, anayamba kufufuza mayina limodzilimodzi. Ambiri sanapezeke paliponse. Ena anapezeka, koma pansi pa sukulu ya kumsewu ija. Popeza ku Chimphangwe kunalibe chilolezo cholembetsa mayeso, ana akayandikira giredi 7 ankawalembetsa kumeneko, ndipo papepala ankasanduka a kumeneko, iwo ndi ang'ono awo omwe nthawi zina.

"Ndiye kuti mwana akukhala padothi kwa ine, desiki yake ili kumsewu?"

"Ine sindinanene zimenezo, amayi. Mwanena ndinu," anatero a Tonga akubweza kaundula. "Lembani kalata yopempha kuti adzawerenge ana. Ikapanda kuyankhidwa mulembenso."

Dolika analemba makalata anayi. Yankho linabwera patatha miyezi isanu ndi itatu, lakuti owerenga adzafika Lachinayi lina mu Januwale. Imeneyo ndi nthawi yopalira, pamene ana amakhala kumunda ndipo madambo amakhala atasefukira. Dolika anayenda khomo ndi khomo masiku atatu, kugwadira ngakhale anthu oti iye mwini anawaphunzitsa kulemba dzina.

"Mundibwereke mwanayu tsiku limodzi lokha. Udzu sufa ndi tsiku limodzi, koma mutu wake ukasowa tasowa chaka chonse."

Tsikulo litafika Edmund anamanga ng'ombe pangolo, nawolotsa ana ang'onoang'ono maulendo asanu ndi awiri. Anawo anakhala pabwalo chiyambire m'mawa osadya kanthu. Ena ankalira, ena anagona pamiyendo ya anzawo. Galimoto ya akuofesi inatitimira m'matope, ndipo alendowo anafika wapansi cha m'ma 2 koloko, nsapato zili m'manja, nkhope zili gwa. Anawerenga ana 231.

Chaka chomwecho boma linatenga sukuluyo kukhala yake. Kunabwera malata, madesiki makumi anayi, ndi aphunzitsi atatu a ku koleji. Amayi anavina, nkhuku zinafa, ndipo aliyense ankati Dolika ndi mkazi wamwamuna. Sabata yomweyo ahedi atsopano, a Lazarus Njobvu, mmodzi wa atatuwo, anamuitanira m'kachipinda kamene anasandutsa ofesi.

"Amayi Shawa, ndione nawo mapepala anu."

Dolika anatulutsa pepala lake la giredi 12, lothimbirira, long'ambika mopindamo. A Njobvu analiyang'ana nthawi yaitali kuposa imene munthu angawerengere mizere isanu ndi itatu.

"Ntchito imene mwagwira pano ndaimva, ndipo ndikuilemekeza. Koma iyi tsopano ndi sukulu ya boma. Wopanda setifiketi ya uphunzitsi saloledwa kuima kutsogolo kwa ana."

"Nanga ndalama zabwerazi, sizingandilembe ngakhale wosesa?"

"Ndi za choko, mabuku ndi zimbudzi. Zolipira munthu ayi. Ndikatero ndimangidwa ndine."

Dolika sanakangane nawo. Anapita kunyumba, anatenga mabuku a kaundula khumi ndi asanu ndi limodzi, buku la chaka chilichonse, n'kukawasiya patebulo la ahedi. Pobwerera anadzera njira ya kuseri kwa tchalitchi kuti ana asamuone m'maso. Kwa miyezi ingapo, belu likalira m'mawa, ankapezeka atayamba kale kusamba m'manja, kenaka n'kukumbuka, n'kutola khasu.

Kenaka kunabwera chilala cha 2024. Chimanga chinauma chitangoyamba kumasula, thonje linangokula ngati therere. Edmund anapita ku Mwami kukakweza katundu m'malole, ndipo ankabwera kamodzi pamwezi, msana uli wowawa, m'thumba muli zochepa. Dolika anayamba kukazinga zitumbuwa n'kumakagulitsa pansi pa mtengo wa mango kumpanda wa sukulu. Malo ena oti n'kugulitsirapo kunalibe.

Ali pamenepo ankaona zonse. Mmodzi mwa aphunzitsi atsopano, mtsikana wa m'tauni dzina lake Hazel, analibe nyumba yogona, ndipo ankachita lendi kachipinda kosungiramo feteleza. Anapirira matemu awiri, kenaka anapeza njira yobwerera ku Chipata. Dolika sanamuimbe mlandu, mtsikanayo anali ataonda. Mphunzitsi winayo anatenga magiredi apakati, ahedi apamwamba, ndipo ana a giredi 1 okwana 104 anangotsala okha m'chipinda, akumenyana ndi kuimba nyimbo zamaliro zimene anamva kumudzi.

Tsiku lina a Njobvu anabwera pamtengo wa mango, anagula chitumbuwa chimodzi, koma osachidya.

"Ndapita kuofesi katatu," anatero. "Akuti sukulu yathu ili ndi aphunzitsi atatu, ndiye yakwana. Dzina la a Hazel likadali pano, malipiro awo akutuluka m'dzina la Chimphangwe, eni ake akuphunzitsa m'tauni. Mpaka dzinalo litachoka sangatumize wina."

"Lichoka liti?"

"Kaya. Mwina chaka chamawa, mwina ayi." Anayang'ana pansi. "Amayi Shawa, ndili ndi manyazi. Sindingakulembeni ntchito, sindingakulipireni, ndipo akabwera akuofesi, inu simunalowepo m'kalasi. Koma anawa atha chaka osadziwa a, e, i."

Dolika anakwiya, ndipo anafuna kuwafunsa ahediwo ngati pepala lake lasintha mtundu. Koma m'chipindamo munali Sesiliya, mwana wa mng'ono wake, ndiponso ana a atsikana amene iye anawagwira dzanja polemba koyamba.

"Choko chilipo?" anafunsa.

"Chilipo chambiri."

Kuyambira pamenepo amadzuka tambala woyamba, kukazinga zitumbuwa, kusiya beseni pansi pa mango atavundikira nsalu, n'kulowa m'kalasi. Nthawi yopuma amatuluka kukagulitsa kwa ana omwewo. M'buku la aphunzitsi sasainamo. Iye anauza ana kuti akamva galimoto aziti amawaphunzitsa ndi ahedi, ndipo chimenechi ndicho chimamupweteka koposa, kuti iye amene ankakwapula mwana wonama tsopano akuphunzitsa bodza pamodzi ndi masamu.

Temu yapitayi galimoto inabweradi. Dolika anatulukira pawindo lakumbuyo, munthu wa zaka makumi anayi, chitenje chinakodwa pamsomali n'kung'ambika. Anakakhala pabeseni lake. Oyendera sukulu analowa mu giredi 1, anawerengetsa ana, ndipo anatuluka akumwetulira. Anauza a Njobvu kuti sukulu zina za m'tauni zibwere kudzaphunzira momwe aphunzitsi ochepa angakwanitsire ana ambiri chonchi, ndipo analemba zimenezo m'lipoti lawo.

Popita kugalimoto mmodzi wa iwo anaima pamtengo wa mango n'kugula zitumbuwa zinayi. Dolika pomupatsira, bamboyo anayang'ana zala zake zoyera mbuu ndi choko.

"Amayi, muzisamba m'manja mukamagulitsa chakudya kwa ana. Ufa wonsewu?"

"Pepani, bwana," anatero Dolika, n'kupukuta zalazo pachitenje.

Anadikira mpaka fumbi la galimoto litatha kuseri kwa dambo. Kenaka anavundikira beseni, anamanga bwino pamene panang'ambika paja, n'kubwerera kwa ana, amene anali atayamba kale phokoso.