Getsi Lopanda Mwini

Petronela wa ku Ndirande sankamva zoti chinthu chafa. Foni yoti amisiri atatu aikana, iye ankaitsegula pakabenchi kake kumsika, uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya, mpaka ilire. Makolo ake, a Ambrosi ndi mayi Ethel, anachoka ku Nsanje kalekale kudzafuna ntchito m'tauni, ndipo anali asanamvetsebe kuti mwana wamkazi angakonde mawaya kuposa makina osokera.

Mu 2015 mkazi wa Daniel, mchimwene wake wa Petronela, anachira ku Joni, mwana woyamba. Anapangana kuti Lamulungu, akaweruka ku Misa, Daniel adzaimba pavidiyo kuti agogo aone mdzukulu. Koma maso a mayi Ethel anali atayamba kuchita nkhungu, pakafoni sakanaona kanthu. Chiyembekezo chonse chinali pa tabuleti yakale imene Daniel anasiya, yomwe sisitimu yake inali itafa.

Petronela anaikamo ina, ya Linux, yotenga pa intaneti. Itayaka analumpha ndi chimwemwe, koma asanamalize n'kuwomba m'manja komwe, sikirini yangoti bii! Chikhalirecho mawu ankamveka. Anasintha batire, anapukuta mawaya, ayi ndithu. Loweruka linamupeza mtima uli m'mwamba.

M'mawa umenewo a Ambrosi anali pa ulonda wawo wa masiku onse, kuzungulira nyumba kusaka wowononga mayunitsi a magetsi.

"Getsi la kubafali ndi la ndani?"

Zii. Iwo thapu, kuthimitsa.

"Inu achimwene, ndili muno!" anakuwa azakhali a Monika, sopo ali m'maso.

"Nanga osayankha bwanji? Chopanda mwini ine ndimathimitsa."

Petronela anasiya tiyi pomwepo n'kuthamangira kuchipinda. Ndiye zimenezotu! Anali atawerengapo kuti kenelo, mtima wa sisitimu, ili ndi khalidwe lomweli. Ikamaliza kudzuka imayendera maregyuleta, tizipangizo togawa magetsi m'kati mwa makina, ndipo kalikonse kamene palibe wanena kuti n'kake imakathimitsa kuti batire isathe msanga. Sisitimu yakeyo inalembedwera tabuleti ya mtundu wina, moti kopatsa sikirini magetsi sikanali ndi wokayankhira.

Anafufuza fayilo yofotokoza ziwalo za tabuletiyo, anakapeza kachipangizoko, n'kulembapo kuti kazikhala koyaka nthawi zonse. Anayatsa. Anadikira. Sikirini inangokhala ngwee.

"Yatheka! Amayi, yatheka!" Anatuluka akuvina mpaka kumpopi, amayi otunga madzi akufunsana ngati mwana wa a Ambrosi wapeza banja.

Lamulungu pabalaza panadzaza, aneba ali pawindo. Daniel anaimba, chithunzi chinagwedezeka kaye, kenaka kankhope kanadzaza sikirini yonse, kakuyasamula.

Mayi Ethel anaibweretsa tabuletiyo pafupi ndi mphuno. Anapukuta galasi ndi nsonga ya chitenje, n'kuyang'anitsitsa.

"Ndamuona! Bambo a Daniel, makutu anu aja ndi awa!"

Nthungululu inamveka mpaka kumsewu. Petronela anatambasula dzanja kuti aitenge apatsire ena, koma analibweza. Mayi ake, misozi ili mbwembwembwe, anali ataigoneka tabuletiyo pamkono n'kumaigwedeza pang'onopang'ono, akuimba chapansipansi m'Chisena kuti mwana agone.